Chifukwa Chake Sindinajambule Amayi Anu

Ana anga, mutu uno ndakhala ndikuuzemba. Mitu ina ya mbiriyi ndalemba mosavuta, koma uwu ndaulambalala chaka chonse. Mwandifunsa kangapo, makamaka iwe Tadala titachoka kumanda koika amayi anu, kuti zinatheka bwanji munthu wogwira pensulo moyo wake wonse, wojambula ntchentche, zimbudzi ndi mbuzi za boma, osasiyako ngakhale chithunzi chimodzi cha mkazi wake. Ndinakuyankha kuti ndinalibe nthawi. Linali bodza. Nthawi ndinali nayo yambiri, ku Mwanza tsiku silinkathamanga. Ndatopa nalo bodzali, ndiye werengani, mundiweruze ndikadali moyo.

Ku koleji, chaka chomaliza

Za ubwana wanga mukuzidziwa: mwana wa mphunzitsi wa pamishoni ku Dedza, wokulira pakati pa tchalitchi ndi kalasi. Ndiyambire ku koleji. Tinalipo asanu ndi mmodzi amene tinkaphunzira luso lojambula zofalitsira uthenga, monga mapositala, zikuto za mabuku ndi zikwangwani. Anzathu ophunzira zamalamulo ankatitcha opaka penti. Agogo anu aamuna nawo sanazimvetse mpaka kumwalira kwawo. Ankati, "Zaka zinayi kuphunzira zimene mwana amachita ndi chala padothi?" Koma ntchito inalipo. Tinkayeza mipata ya pakati pa zilembo mpaka maso kuwawa, tinkadula mapepala ndi lezala, tinkasindikiza ndi chimango chamatabwa chokutidwa ndi nsalu yopyapyala chimene tinkachitcha sefa. Inki unkaikoka pamwamba pa sefayo ndi mphira, chithunzi n'kutsikira papepala. Ukalakwitsa kamodzi, pepala lapita.

Mphunzitsi wathu wamkulu anali bambo wamtali wosuta kaliwo amene anaphunzira kunja. Tinkangomutcha Madala. Anali ndi malamulo awiri, ndipo ankawabwereza ngati katekisimu. Loyamba linali lakuti mawu a pa positala akhale ochepa, aakulu, obaya, oti munthu wodutsa panjinga aime. Lachiwiri ndi limene linandipweteketsa. Ankadutsa kumbuyo kwathu, n'kuloza chojambula chako ndi kaliwo uja. "Uyu ndani? Munthu wam'mutu uyu. Alibe mafupa, alibe amayi ake. Pitani mukayang'ane munthu weniweni, mumujambule mpaka mlongo wake amuzindikire." Ine ndinali katswiri pa zimenezi. Mlonda wa pageti ndinamujambula mpaka mkazi wake anaomba m'manja. Chimene Madala sanatiuze, kapena sankachidziwa, n'chakuti zojambula zathu zinkathera m'kabati ya m'kalasi, ndipo anthu amene tinkawajambula anali a m'tauni momwe munthu sadziwa wokhala naye khomo loyandikana. Ndinatuluka ndi digiri yanga ndili wodzikuza ngati tambala wa pakhomo la namfedwa.

Mwanza, chaka choyamba

Ndinkayembekeza Blantyre. Kalata inati Mwanza, ku kaofesi kophunzitsa anthu za kadyedwe ndi ukhondo. Ndinatsika basi ndili mbuu ndi fumbi, katundu wanga sutikesi imodzi ndi bokosi la maburashi. Bwana wanga anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wamfupi, wosavula tayi ngakhale mwezi wa Okutobala. Anawerenga kalata yanga kawiri, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"A Malunga, ine ndinapempha njinga yamoto. Anditumizira wojambula. Chabwino, khalani. Kodi mungathe kulemba manambala pazitseko?"

Ndiye digiri yanga inayambira pa zitseko. Chipinda changa chinali chosungiramo makasu ndi mankhwala ophera udzudzu. Munalibe sefa, munalibe inki, munalibe ngakhale tebulo lowongoka. Chimango ndinakhomeretsa kwa kalipentala wa pamsika, nsalu yake ndinagula yophimba kumutu mkwatibwi kwa telala, mphira ndinadula ku tayala lakutha. Mapepala abwino ankabwera kamodzi pachaka, akafuna kubwera. Inki yofiira ndinaidikira miyezi isanu ndi inayi, ndipo itafika inali yobiriwira. Ndinkajambula kuseri kwa makalendala akale, ndipo a Gondwe ankasunga mapepala oyera m'kabati yokhoma ngati shuga. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha, ndipo masiku amenewo mantha ndiwo anali nzeru. Chilichonse chotuluka mu ofesi yathu chinkaonedwa ngati mawu a boma, ndipo mawu a boma sankabwezedwa. Pageti la msika pankakhala anyamata a chipani ofunsa makadi, ndipo maso awo sankangoyang'ana makadi okha. A Gondwe ankakonda kunena chapansipansi kuti, "Kumvera, achimwene, kumvera. Ana anga asanu amadya kumvera kwanga."

Chaka chachiwiri, nyengo ya manachesi

Chaka chimenecho kuchipatala kunkabwera ana ambiri otupikana, mapazi ndi nkhope zofufuma, tsitsi lofiirira. Ku likulu analamula kuti maboma onse aphunzitse amayi kuthira nsinjiro m'phala la ana. A Gondwe anatsekula kabati ija, n'kundipatsa mapepala oyera makumi anayi, onse a chaka chimenecho. "Musawawononge," anatero. "Ena tidzawaona Yesu atabwera." Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi ntchito yeniyeni, ndipo ndinatsimikiza kuti ku likulu adziwe zoti ku Mwanza kuli munthu. Mwana wotupikana ndinakamujambula ku chipinda cha ana kuchipatala. Chinatsala chinali nkhope ya mayi, ndipo mawu a Madala anali m'khutu. Ndinatenga kabuku kanga kojambulamo n'kulowa mumsika.

Ndinamupeza pa mzere wa ogulitsa manachesi, dengu patsogolo, mwana wonenepa bwino kumsana. Anali mayi wachitsikana wochokera kwa Kanduku, anzake ankamutcha Nangozo. Anali ndi mphini zitatu patsaya lakumanzere, mpata pakati pa mano, ndi maso aakulu oyang'ana munthu mosaphethira. Ndinagula manachesi, kenaka ndinapempha.

"Mayi, ndine wa ku ofesi ya zaumoyo. Mungalole ndikujambuleni ndi pensulo?"

Anaseka, n'kuphimba pakamwa ndi nsalu. "Ine? Mujambule awa ovala bwinowa. Ine ndi fumbi langali?"

"Inu nomwe. Ingokhalani mmene mwakhaliramo, muzigulitsa."

"Nanga bambo akunyumba ali ku Joni, akadzamva?"

"Ndi ntchito ya boma, mayi."

"Poti ndi za boma, jambulani," anatero, anzake akumuseka.

Ndinakhala pa njerwa maola awiri. Ndinamujambula kutsogolo, chammbali, chakumbuyo atawerama, masamba asanu athunthu. Pochoka ndinamuonetsa, ndipo anagwira pachifuwa. "Mayo, ndine ndithu! Mpaka mphini?" Anandipatsa manachesi awiri a basela. Sanandifunse kuti chithunzicho ndipita nacho kuti, ndipo ine sindinaone chifukwa chomuuzira.

Ku ofesi ndinachotsa mwana wake wonenepa uja, m'manja mwake n'kuikamo wotupikana wa kuchipatala. Pakamwa ndinapatseka, maso ndinawagwetsa pang'ono ngati munthu wamanyazi. Pamwamba ndinalemba mawu awiri aakulu, obaya monga ndinaphunzirira: WALAKWA NDANI? Za nsinjiro ndinazilemba m'munsi, tizilembo tating'ono toti uwerenge utayandikira. Ndinasindikiza onse makumi anayi osawononga ndi limodzi lomwe. A Gondwe anaima patsogolo pake nthawi yaitali, n'kuti, "Koma ndiye sukulu ija simunapite pachabe." Tinakhoma pamsika, kuchipatala, pazigayo, pamasitolo, mpaka kwa Nthache ndi kwa Kanduku. Imodzi tinatumiza ku likulu. Masabata amenewo ndinkayenda ngati boma lonse ndi langa.

Chaka chomwecho, mwezi wa Ogasiti

Lolemba lina m'mawa ndinamva odi pakhomo la chipinda changa. Anali bambo wachikulire, jekete yakale, chipewa m'manja, mapazi oyera ndi fumbi la ulendo.

"Ndikufuna amene amajambula."

"Ndine, bambo. Lowani."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ndinu wamng'ono chonchi?" Anakhala pa chitini cha mankhwala. "Ine ndine Tomasi, malume ake a Nangozo, ndinenso nkhoswe ya ukwati wake. Ndalawira kuchokera kwa Kanduku kudzafunsa boma. Poti boma lamukhoma mwana wathu pamtengo n'kufunsa kuti walakwa ndani, ndiye kuti likudziwa. Mutiuze dzina la mwamunayo, tikambe mlandu tidziwe chochita."

"Mwamuna uti, bambo? Chithunzicho chikunena za nsinjiro."

"Nsinjiro?" Anaika chipewa pabondo. "Bwana, mwana watupa mapazi ndi nkhope, ali m'manja mwa mayi ake, mayiyo wagwetsa maso, bambo wa mwanayo ali kumigodi chaka chachiwiri. Kwanu zimenezi mumati chiyani? Kwanu n'kuti kodi?"

"Ku Dedza."

"Ku Dedza kulibe tsempho?"

Tsempho ndinkalidziwa, ndani sankalidziwa? Anthu ankakhulupirira kuti kholo likayenda ndi munthu wina kunja kwa banja, n'kubwera kudzagwira mwana kapena kuthira mchere m'ndiwo, mwanayo amatupa. Ndinazimva ndili mwana, koma pamishoni tinkati ndi zachikunja, ndipo ku koleji palibe anazitchulapo. Ndinakhala masabata atatu ndikuyeza mipata ya zilembo pa chithunzi chimene mayi aliyense wa pachigayo akanandiuza tanthauzo lake asanatule thumba pamutu. Safunsa anadya phula. Ndinayesa kudziteteza, ndinati mwana wa pachithunziyo si wa Nangozo, wake ndi wonenepa, aliyense akhoza kumuona.

"Akumuona," anatero a Tomasi. "Akuti achipatala anamuyeza, aona zimene zikubwera. Sabata yatha mwanayo anatsokomola, mudzi wonse unati zayambika. Ndiwo zimene wathira mchere Nangozo palibe akudya, ngakhale mng'ono wake. Kumsika wasiya kubwera. Akuchimuna alembera kale kalata ku Joni, ndipo mwamuna wakeyo wayankha kuti akubwera mwezi wa Okutobala. Inu mwaphunzira, tiuzeni: munthu amatsutsa bwanji pepala la boma?"

Ndinamulonjeza kuti ndidzabwera pamlandupo kudzanena zoona. Anavala chipewa, n'kutuluka osatsanzika.

Ndinapita molunjika kwa a Gondwe. Ndisanayambe n'komwe, iwo anandigwira dzanja, nkhope ili mwee. Kalata inali itafika kuchokera ku likulu. Positala yathu inaposa za maboma onse. Ankafuna chojambula chenicheni, cha pamanja chija, chikwere basi ya Lachisanu kuti akasindikize cha dziko lonse, ndipo dzina langa analiika pa maphunziro a chaka chimodzi kunja. Nditawafotokozera za a Tomasi, kumwetulira kunatha. Anadzuka n'kutseka chitseko.

"Ndiye mukufuna ndiwayankhe kuti chiyani? Kuti positala ya boma yaletsedwa ndi nkhoswe ya kwa Kanduku?"

"Tinene kuti tinalakwitsa, bwana."

"Tsitsani mawu. Makoma awa ndi a njerwa zosawotcha." Anapukuta magalasi ndi tayi. "A Malunga, mawu oti boma lalakwitsa musawatulutsenso muno. Mayiyo ndikumumvera chisoni, nanenso ndili ndi alongo. Koma anthu aiwala, mvula ikagwa mapepalawo asuluka. Inu muli ndi mwayi wotuluka muno. Ine ndakhala zaka khumi ndi ziwiri ndikudikira kalata ngati imeneyi, sinabwere. Lachisanu chojambula chikwere basi."

Ndikufuna mudziwe kuti sindinasankhe msanga. Musandiyese woyera mtima. Masiku atatu chojambula chija chinali patebulo langa, ndipo masiku onse atatu ndinkafuna kuchitumiza. Ndinkadziuza kuti ku Karonga kapena ku Nsanje palibe akumudziwa Nangozo. Ndinkaona kale ndege, jekete yaubweya, ndi nkhope ya agogo anu akuwerenga kalata yanga yochokera kunja. Koma ndinkadziwanso mmene zosindikiza za ku likulu zimakhalira. Sizisuluka ndi mvula. Zimakhala pakhoma la chipatala chilichonse zaka khumi, ndipo mwana wonenepa uja akanaphunzira kuwerenga pa nkhope ya mayi ake. Lachinayi masana ndinatenga lezala. Ndinapala mphini, ndinapala maso, ndinapala nkhope yonse mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. M'malo mwake ndinajambula nkhope ya m'mutu, yopanda mafupa, yopanda amayi ake, yoti Madala akanaiona akanandiponyera kaliwo. Mawu aakulu aja ndinawamata, n'kulembapo za nsinjiro. Ndinakulunga ndekha n'kukapereka kwa kondakitala, a Gondwe osaona.

Kenaka ndinatenga njinga ya ofesi n'kuyamba kuchotsa mapositala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinayambira kutali, kwa Kanduku, kwa Nthache, pazigayo ndi pamasitolo, masiku anayi ndikupalasa. Ya pamsika ndinaisiyira kumapeto chifukwa ndinkadziwa chimene chikundidikira. Nditangozula msomali woyamba, anyamata awiri a chipani anandigwira malaya.

"Aise, ukung'amba za boma?"

"Sindikung'amba. Ndinajambula ndine."

"Ukajambula ndiye kuti ndi zako? Tiye ukafotokoze."

Ananditengera kwa wapampando wa chipani, ndipo anandikhazika pansi padzuwa, nsapato atandivula. Anthu ankadutsa osandiyang'ana, ngakhale amene ndinkamwa nawo tiyi. Patapita ola anafika a Gondwe, thukuta lili kamukamu, tayi ili pakhosi. Anagwada pang'ono ngati mkamwini. "Pepani akuluakulu, ndamutuma ndine. Inki yake ndi yoipa, ikusuluka. Alendo a ku likulu akabwera aona ngati ku Mwanza sitilemekeza zinthu za boma." Wapampando anaganiza, n'kuti mwina n'zoona, koma tsiku lina tizidziwitsa. Ndinabwerera ndi a Gondwe mpaka pakhomo la ofesi. Pamenepo anati, "Ndanama chifukwa cha ana anga, osati inu. Mukanatengedwa inu, wotsatira ndikanakhala ine." Nditawerenga mapositala amene ndinachotsa, limodzi ndi ija ya ku likulu, anakwana makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Imodzi inasowa.

Yankho la ku likulu silinachedwe. Anati chojambula chimene chafika si chija anaona, n'chakufa, sangawononge nacho mapepala. Ku maphunziro kunapita mnyamata wina wa ku Zomba. A Gondwe analemba lipoti lakuti choyambacho chinadyedwa ndi chiswe, ndipo kuyambira pamenepo sanatsekulenso kabati ija chifukwa cha ine. Ndinabwerera ku manambala a zitseko. Komabe ndinkadzitonthoza kuti ndalipira mtengo wake, chatsala n'kukanena zoona pamlandu, banja la munthu lipulumuke.

Mwezi wa Okutobala, kwa Kanduku

Anakhala pansi pa mtengo wamango kuseri kwa nyumba ya mayi ake a Nangozo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Kunkatentha moti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa. Nangozo anakhala pamphasa chapatali, mwana pamwendo, wonenepa ngati kale. Iye ndiye anali ataonda. Mwamuna wake, a Daisoni, anali wamtali, wofatsa, wa manja okhakhala. Sanakalipe. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopindapinda, lothetheka m'mizere, n'kulitambasula padothi. Inali positala yosowa ija. Mkulu wake anaizula pachigayo n'kumutumizira m'kalata, ndipo a Daisoni anati anzawo onse a kumgodi anaiona.

A Tomasi anandipatsa mpata. Ndinaimirira, ndinafotokoza zonse: za nsinjiro, za mwana wa kuchipatala, za kupusa kwanga. Ndinapepesa. Ndinaona akuluakulu ena akugwedeza mitu, ndipo ndinalimba mtima. Ndiye ndinachita chimene ndinkachiyesa umboni wosatsutsika. Ndinatulutsa kabuku kanga kojambulamo, kuti aone okha kuti tsiku lija mayiyu anali ndi mwana wake wathanzi kumsana, akuseka, akugulitsa manachesi. Ndinakapereka m'manja mwa a Daisoni.

Anatsekula pang'onopang'ono. Tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi anaima. Linali lija ndinamujambula chakumbuyo atawerama pa dengu, duku litasendera.

"Masamba asanu," anatero motsitsa. "Munakhala naye nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri, pamsika, anthu onse akuona."

Analoza ndi chala chake chokhakhala. "Kachipsera aka, kuseri kwa khutu. Ine ndinakaona titakwatirana kale, mwezi wachitatu. Inu munakaona bwanji?"

"Ndi ntchito yanga, bambo. Tinaphunzitsidwa kuyang'anitsitsa."

"Eya," anatero. "Mwaigwira bwino ntchito yanu."

Anatseka kabuku, n'kundibwezera ndi manja awiri, mwaulemu. Palibe anatchula dzina langa, koma ndinaona maso onse akutembenukira kwa ine, ndipo ndinadziwa kuti funso limene ndinalemba ndi zilembo zazikulu lija lapeza yankho. A Tomasi anayesa, anati munthu wolakwa sakanabwera yekha pamlandu. Mkulu wake wa a Daisoni anati wolakwa ndi amene amathamangira kukazula mapepala. Anakambirana mpaka mthunzi unasuntha, koma madzi akatayika saoleka. Poti a Daisoni anali mkamwini pamudzipo, analowa m'nyumba, anatenga bulangete ndi wailesi yawo, anagwira mwana pamutu kamodzi, n'kutsika njira ya kwawo.

Ndikukankha njinga kutuluka m'mudzimo, Nangozo anandipeza pa nkhokwe. Sanali kulira. Anandiyang'ana ndi maso osaphethira aja.

"Bwana, munapempha kundijambula, ndinalola. Zokandikhoma pamtengo munapempha ndani?"

Anasendeza mwana kumsana n'kubwerera.

Zaka zotsatira

Ku Mwanza ndinakhalako zaka zina khumi ndi chimodzi. A Gondwe anapuma ntchito osalandira njinga yamoto ija. Anabwera mabwana ena, inki inkasowabe, mapepala ankabwerabe akafuna. Ndinajambula mapositala ambirimbiri, ndipo onse anali ndi nkhope za m'mutu, zozungulira ngati dzungu, zoti palibe mlongo angazizindikire. Ndisanasindikize chilichonse ndinkapita nacho kaye pachigayo, n'kufunsa amayi kuti akuona chiyani. Ku likulu ankati ntchito yanga ndi yofooka, ndipo sanandiitanenso. Nangozo sindinamuonenso pa mzere wa manachesi. Ndinamva kuti anasamukira kwa abale ake kutsidya kwa malire. Ngati anakwatiwanso, sindikudziwa. Ndinkaopa kufunsa.

Amayi anu ndinakumana nawo chaka chachinayi, akuphunzitsa pasukulu ya paboma. Nkhaniyi anaimva kwa anthu ndisanawauze, ndipo anandikhulupirira, Mulungu awasunge. Koma anali ndi pempho lawo limodzi. Chaka chilichonse pa Khirisimasi, atavala chitenje chatsopano, ankakhala pampando wa pakhonde n'kuti, "Bambo a Tadala, lero ndiye mundijambule. Mbuzi munajambula, ine ndikuchepa pati?" Ine ndinkaseka, ndinkati pensulo yatha, ndinkati mawa. Ndikangoyamba kuwayang'ana mmene wojambula amayang'anira, kuyeza mphuno, kufunafuna kachipsera, dzanja linkauma. Ndinkaona ngati ndikawayang'anitsitsa ndiwalanda kanthu. Anapempha zaka makumi atatu, kenaka anasiya, ndipo ine ndinayesa kuti aiwala.

Dzulo masana ndinatenga pepala loyera, la mtundu umene a Gondwe ankakhomera m'kabati. Masiku ano amagulitsa pagolosale iliyonse. Ndinakhala pakhonde moyang'anana ndi mpando uja, ndinati ndiyese, mwina ndikusiyireni kanthu. Vuto silinali dzanja. Mawu awo ndikuwamva bwinobwino, kaseko kawo, kayendedwe kawo pobwera kuchokera kumsika. Nkhope ndiyo ikukana kuima, chifukwa sindinaiyang'anepo maola awiri ngati mmene ndinayang'anira ya munthu wachilendo. Ndinajambulabe, ndinati dzanja likumbukira lokha. Nditamaliza ndinaika pepala patali kuti ndione. Patsaya lakumanzere panali mphini zitatu.